Chiopsezo Chimene Chili Kunja kwa Mpanda

Mmalawi wokhala ku Wonderkop, m'mphepete mwa migodi ya pulatinamu ya ku Marikana, akatumiza ndalama kumudzi pa foni, uthengawo umadutsa m'zinyumba zodzaza makompyuta zimene pa Chingerezi amati data centre. Zambiri mwa zinyumbazi zili ku Isando, Bredell ndi Midrand, kufupi ndi Johannesburg, kumene makampani monga Teraco ndi Vantage anamanga.

Eni ake amadziwa kuwerengera zoopsa, ndipo pamenepa tiwayamikire. Makompyuta akatentha amazima, choncho makina oziziritsa sapuma usana ndi usiku. M'chaka cha 2023, pamene Eskom inkathimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, mabatire ndi majenereta a dizilo ndiwo ankagwiriziza ntchito, ndipo mu 2024 Teraco inayamba kumanga malo ake opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 120 ku Free State. Moto nawo amauopa, pokumbukira nyumba ya OVHcloud imene inapsa ku Strasbourg mu 2021.

Zonsezi n'za mkati mwa mpanda. Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi munthu wokhala kunja kwake, ndipo anthu a ku Wonderkop akudziwa chifukwa chake.

M'chaka cha 2006 kampani ya migodi ya Lonmin inalonjeza boma kuti pofika 2011 idzakhala itamangira antchito ake nyumba 5,500. Inamanga zitatu zokha. Antchito ambiri anapitiriza kugona m'zisakasa zamalata ku Nkaneng, kopanda mipope ndi zimbudzi zokwanira, akuona magetsi a pamgodi akuwala usiku wonse. Pa 16 Ogasiti 2012, mkati mwa sitalaka yofuna malipiro abwino, apolisi anawombera ndi kupha antchito 34. Komiti yofufuza ya Jaji Farlam inapeza kuti kulephera kwa Lonmin pa nkhani ya nyumba kunathandiza kukoleza mkwiyo. Kampaniyo, yofooka kale ndi kugwa kwa mitengo ya pulatinamu, inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019.

Wina anena kuti data centre si mgodi. Zoona, koma mgodi umalembako anthu zikwi zambiri. Data centre yaikulu imadya magetsi ofanana ndi a tauni yonse, pomwe omanga akachoka pamatsala antchito ochepa, ambiri a iwo amaphunziro apamwamba. Mnansi amangomva kulira kwa majenereta iye ali mumdima. Alonda ndi makamera angateteze chipata, koma mawaya a magetsi ndi a intaneti amadutsa m'misewu ya anthu omwewo.

Tembisa ili pakati pa Midrand ndi Bredell. Mu Ogasiti 2022 anthu kumeneko anachita zionetsero zokwiya ndi mitengo ya magetsi, maofesi a khonsolo anatenthedwa ndipo anthu anayi anafa. Mu Julayi 2025 anatsekanso misewu pa nkhani ya magetsi yomweyo, mpaka meya wa Ekurhuleni anaimitsa kaye ndalama yatsopano imene khonsolo inawonjezera pa mabilu.