Mnzako Umutche Dzina Lake

Ife a kuno ku Chitipa tikhala pakati pa zilankhulo zambiri. Pa msika wa pa boma munthu amva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi Chitumbuka tsiku limodzi. Chotero nkhani ya maina amene mtundu wina upatsa unzake itikhudza kwambiri, ndipo mwezi uno tikatenga phunziro kutali, ku Italy.

M'dzikomo muli anthu odzitcha okha a Rom ndi a Sinti. Tisawasokoneze ndi Aroma a m'Baibulo ai. Chilankhulo chawo chichitira umboni kuti makolo awo adachokera ku India, ndipo m'chilankhulocho liwu loti rom litanthauza mwamuna. Koma eni dziko adawatcha zingari. Akatswiri ambiri ati liwuli lidachokera ku Chigriki, athinganoi, ndiko kunena osakhudzika, dzina la kagulu kena kachipembedzo ka makedzana. Dzina lina ndilo gitani, lochokera ku Egypt, dziko lija Baibulo litcha Aigupto. Pamene gulu lawo lidafika mu mzinda wa Bologna m'chaka cha 1422, anthu adamva kuti alendowo achokera kumeneko, nakhulupirira.

Taonani tsono: dzina loyamba adabwerekera kwa anthu ena, lachiwiri liloza dziko lolakwika. Choipitsitsa nchakuti liwu la zingaro lidasanduka chitonzo, lotchulira munthu woyendayenda ndi wosakhulupirika. Nchifukwa chake atsogoleri awo, atasonkhana pafupi ndi London m'chaka cha 1971, adagwirizana kuti adziwike ndi dzina lawo lenileni.

Kodi zotere nzachilendo kwa ife? Iai ndithu. Abale athu Alomwe, pobwera kuchokera ku Mozambique, adatchedwa Anguru, dzina limene lidawawawa mtima. Bambo Lewis Bandawe, amene adagwira nawo ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, pamodzi ndi anzawo adadandaula, ndipo m'zaka za m'ma 1940 boma lidavomera kulemba Alomwe. Ngakhale boma lathu lino lidali Fort Hill kufikira lidalandira dzina la eni nthaka.

Makolo, mwana saphunzira chitonzo kusukulu kokha. Achitola pakamwa pathu madzulo pa moto. Tikamatchula mpongozi wa mtundu wina ndi dzina lonyoza, mawa mdzukulu wathu adzachita manyazi ndi magazi a amake. Anyamata ndi atsikana, mukakomana ndi mnzanu wa ku Misuku kapena wa kwa Kameme, mfunseni kuti anthu a kwawo adzitcha ayani, ndipo mumutche chomwecho. Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma liwu loipa limene tamuponyera litsala.

Tikumbuke kuti ku Antiokeya ophunzira a Yesu, Ayuda ndi Ahelene pamodzi, adayamba kutchedwa Akhristu. Pansi pa dzina limenelo Mlambya, Mlomwe ndi mwana wa a Rom adyera m'mbale imodzi.