Akatifunsa za Mtanda, Tiyankha Chiyani?

Ife a kuno ku Mangochi timadzutsidwa ndi mawu awiri. Kusanache timamva kuitana kochokera ku mzikiti, ndipo dzuwa likamasuzumira kuseri kwa mapiri a ku Namwera limalira belu la kutchalitchi. Ambiri mwa ife tili ndi amalume, azakhali kapena agogo achisilamu. Pa Idi timadya nawo mpunga, pa Khirisimasi amadzadya nafe. Koma limafika tsiku, mwina padoko poyembekeza usipa kapena kusukulu pa nthawi yopuma, pamene mnzathu amafunsa kuti: "Kodi inu mumapembedza milungu ingati? Nanga Mulungu angabereke mwana bwanji?"

Tisabise, ambiri timangoti kukamwa yasa. Ena timapsa mtima. Enanso timathawira ku mawu akuti, "Mulungu ndi mmodzi, zonsezi n'chimodzimodzi." Maganizo athu sabata ino ndi akuti njira zitatu zonsezi n'zoperewera. Yachitatuyo, ngakhale imamveka yaulemu, imapeputsa zipembedzo zonse ziwiri, pakuti Msilamu wodziwa chipembedzo chake sangavomere kuti iye ndi ife timakhulupirira zofanana.

Tikumbuke kuti kuno Chisilamu chidatitsogolera. Mafumu a Chiyao, monga Makanjila, adachilandira cha m'ma 1870 kudzera m'malonda ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere. Ansembe a White Fathers adafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, adaphunzitsa ana, koma mu 1891 adachoka osasiya mpingo. Dayosizi yathu idakhazikitsidwa mu 1973, ndipo episkopi woyamba adali Ambuye Alessandro Assolari. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi, koma m'boma lathu lino ndiwo ochuluka. Mkhristu wa kuno sangabisale m'chigulu. Adzafunsidwa basi.

Tiyambe ndi zimene zimatilumikiza. Mu 1965 Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate, udaphunzitsa kuti Eklezia amalemekeza Asilamu chifukwa amapembedza Mulungu mmodzi, Mlengi wachifundo, amayembekeza tsiku la chiweruzo, ndipo amalimbikira kupemphera, kusala zakudya ndi kuthandiza osauka. Korani imanena kuti Yesu, amene iwo amamutcha Isa, adabadwa mwa Virigo, adachiritsa odwala, ndipo imamutcha Mesiya. Amayi Maria ndiye mkazi yekhayo amene Korani imamutchula dzina, ndipo Sura 19 imadziwika ndi dzina lawo. Mkatolika wonyoza Msilamu ngati munthu wosadziwa Mulungu akutsutsana ndi Mpingo wake womwe.

Komabe njira zimapatukana, ndipo mphambano yoyamba ndi Utatu Woyera. Sura 112 imakana kuti Mulungu adabereka kapena kuberekedwa, ndipo Sura 4 imaletsa kunena za atatu. Mnzathu akati timapembedza milungu itatu, tiyankhe modekha kuti milungu itatu ifenso timaikana. Akati timayesa Amayi Maria mulungu, tinene kuti zimenezonso timazikana. Iwo ndi cholengedwa, timawalemekeza koma sitiwapembedza. Chikhulupiriro chimene maepiskopi adavomereza ku Nicaea m'chaka cha 325, chomwe Akhristu adakumbukira mu 2025 kuti chakwanitsa zaka 1,700, chimayamba ndi Mulungu mmodzi. Chimene timaonjezera n'chakuti Mulungu mmodziyo sali pa umbeta wa muyaya. Kalata yoyamba ya Yohane, mutu 4, imaphunzitsa kuti chikondi ndicho chikhalidwe chenicheni cha Mulungu. Nanga asanalenge kanthu kalikonse, ankakonda yani? Ngati adayamba kukonda atalenga dziko, ndiye kuti adasowa ife kuti akhale chimene ali. Ife timati Atate ankakonda Mwana mwa Mzimu Woyera nthawi isanayambe. Nzeru zathu sizingachifike pamapeto chinsinsi chimenechi, monganso chikho sichingamwe nyanja yonse, koma si chinthu chopanda nzeru.

Mphambano yachiwiri ndi dzina lakuti Mwana wa Mulungu. Anzathu akalimva amaganiza za ukwati ndi kubereka kwa thupi, ndipo amanyansidwa. Akadakhala kuti tikutanthauza zimenezo, ifenso tikadanyansidwa. Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 1, umamutcha Yesu Mawu a Mulungu, amene adalipo chiyambire nadzakhala munthu. Korani nayonso imamutcha Isa mawu ochokera kwa Mulungu, ngakhale mashehe amatanthauzira kuti adalengedwa ndi lamulo la Mulungu chabe. Apa pali poyambira kukambirana. Asilamu ambiri amakhulupirira kuti mawu a Mulungu ndi osalengedwa, ndipo adatsika nakhala buku la m'Chiarabu. Ife timakhulupirira kuti Mawu osalengedwawo adatsika nakhala munthu wa ku Nazarete. Funso lotisiyanitsa ndi ili: kodi Mulungu adangotumiza uthenga, kapena adabwera yekha?

Mphambano yachitatu, yomwe ndi yaikulu koposa, ndi mtanda. Sura 4, ndime 157, imanena kuti Yesu sadaphedwe ndipo sadapachikidwe, koma zidangooneka choncho. Apa palibe kukumana pakati: kaya adafa, kaya sadafe. Mabuku anayi a Mthenga Wabwino amagwirizana kuti adafa pa mtanda pa ulamuliro wa Ponsio Pilato. Paulo Woyera, polembera Akorinto patangopita zaka ngati 25, adatchula mboni za kuuka kwake, nanena kuti ambiri mwa iwo adali akadali moyo. Ngakhale Tacitus, mlembi wa Chiroma amene ankanyoza Akhristu, adalemba cha m'ma 116 kuti Khristu adaphedwa pa nthawi ya Pilato. Korani idadza pakati pa 610 ndi 632, patapita zaka pafupifupi 600. Pabwalo la mfumu, mlandu umayamba ndi mboni zimene zidalipo.

Anzathu amakana mtanda chifukwa cholemekeza Mulungu: amati sangalole mneneri wake kufa imfa yamanyazi. Tiwamvetse. Nawonso amadalira chifundo cha Mulungu, ndipo amachitchula kangapo patsiku. Koma m'Chisilamu vuto lalikulu la munthu ndi kuiwala ndi kusochera, choncho mankhwala ake ndi chilangizo. Ife timati bala lake ndi lakuya kuposa pamenepo. Ana a kunyanja tikudziwa: mwera ukagubuduza bwato pakati pa madzi, womira sapulumuka ndi malangizo ofuulidwa kumtunda, ngakhale akhale oona. Amafuna wina wodziponya m'madzimo. Ndani mwa ife sadziwa chabwino, komabe n'kumachita choipa? Pa mtanda Mulungu adadziponya m'madzi athu. Tikachotsa Lachisanu Loyera, Pasaka palibe, ndipo Nsembe ya Misa isanduka msonkhano wamba.

Ena adzati, "Baibulo lanulo lidasinthidwa." Tifunse mwaulemu kuti lidasinthidwa liti, ndipo ndi yani. Mabuku akale olembedwa pamanja, monga Codex Vaticanus wosungidwa ku Rome ndi Codex Sinaiticus amene gawo lake lalikulu lili ku London, adalembedwa m'zaka za m'ma 300, Muhammad asanabadwe. Alipo mpaka lero, ndipo amasimba imfa ndi kuuka kwa Ambuye monga momwe timamvera pa Misa. Okopera ankaphonya zilembo ndi mawu apa ndi apo, akatswiri sabisa zimenezo, koma palibe buku lakale la Mthenga Wabwino mwa anayiwa lopanda mtanda.

Tsono choonadi chimenechi tichinyamule bwanji? Dziko lathu lidalawapo zowawa. Mu 1999, chisankho chitatha, mizikiti idatenthedwa m'chigawo cha kumpoto. Mu 2003 matchalitchi adaonongedwa kuno ku Mangochi pa zipolowe zimene zidabuka anthu asanu achisilamu ochokera kunja atagwidwa n'kutulutsidwa m'dziko. Mu 2019 mkangano wa hijabu m'sukulu udavulaza anthu ku Balaka, mpaka atsogoleri a zipembedzo adasainirana mgwirizano mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, limene chiyambire 1992 limakhazika Akhristu ndi Asilamu pa mphasa imodzi. Wonyoza Muhammad pa Facebook kapena pamsika sadakopepo munthu kwa Khristu. Amangotseka makutu a mnzake. Mu 1219, nkhondo ili mkati, Fransisko Woyera wa ku Assisi adapita kwa Sultan al-Kamil ku Egypt wopanda lupanga. Adalalika Khristu osabisa, ndipo adabwerako mwamtendere. Kalata yoyamba ya Petro, mutu 3, imatipempha zomwezo: kukhala okonzeka kufotokoza chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu.

Choncho tiyeni tibwerere ku katekisimu, amene ambiri tidamutsazika tsiku la Ulimbitso. M'miphakati mwathu tipatule nthawi yophunzira mafunso anayiwa. Safunsa adadya phula: chimene sitikuchidziwa tikafunse kwa abambo mfumu kapena akatekisiti, m'malo mopeka yankho. Amene tili pa ubwenzi ndi Msilamu tisadikire tsiku la chinkhoswe. Ukwati wotere Mpingo umaulola ndi chilolezo cha Ambuye Episkopi, koma nkhani ya chikhulupiriro chathu ndi ubatizo wa ana ikambidwe poyera kudakali m'mawa. Ndipo agogo athu achisilamu akadwala, tikhale oyamba kufika ndi phala, pakuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mtanda umamveka bwino m'manja otumikira kuposa m'kamwa mokangana.

Ambuye Yesu, amene mudatifera pa mtanda, tipatseni nzeru zokudziwani, mtima wosachita nanu manyazi, ndi lilime losavulaza anansi athu. Amayi Maria, mutipempherere ife ndi onse okhala m'mbali mwa nyanja ino. Amen.