Timu isamakhale m'thumba la munthu mmodzi

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, pa Santhe pamabadwa matimu a mpira. Wabizinesi amene zamuyendera chaka chimenecho, kaya ndi wogula soya kaya mwini chigayo, amagula mayunifolomu, mipira iwiri ndi nsapato zapakaunjika, n'kulemba dzina la golosale yake kumsana kwa anyamata. Amaikanso mbuzi ndi kangachepe kuti matimu alimbirane pa bonanza. Koma ikamafika Disembala ndalama zonse zathera ku feteleza ndi chakudya cha matenanti, ndipo yunifolomu ija mumakaipeza kumunda, wina akupalira nayo chimanga.

Sikuti ndikuwaseka anthu amenewa ayi. Popanda iwo, ana athu bwenzi Lamulungu lililonse akungokhala pabawo kapena kumowa. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti timu yotere imapuma ndi mphuno za mwini wake. Iye akadwala chimfine, timu yonse imagona.

Vutoli si la kumudzi kokha. Taonani mbiri ya a Alfred Gangata, mkulu wabizinesi wa ku Lilongwe yemwe adatchuka ndi kampani ya alonda ya Masters Security. Iwo adakhazikitsa timu ya mpira yotchedwa dzina la kampaniyo ndipo mu 2017 idayamba kusewera mu TNM Super League. Anthu ambiri ankaiona ngati timu yongodzadutsa, koma idawatseka pakamwa. Kumayambiriro kwa 2018 idalowa mumpikisano wa CAF Confederation Cup, chinthu chimene matimu akuluakulu m'dziko muno akhala akuchizemba poopa ndalama. Idakakwapulidwa 5-0 ndi Petro de Luanda ku Angola, inde, koma idapita. Chaka chomwecho idagonjetsa Wanderers pamapenate n'kutenga chikho cha Carlsberg. Amene adaonera kapena kumvera pawailesi tsikulo akukumbukira mmene Manoma adabwererera kwawo manja ali m'khosi.

Mu 2019 timu yomweyo idatuluka muligi. Kuchokera pachikho kufika pakutsika, padangodutsa chaka chimodzi. A Gangata adapitiriza mabizinesi awo, kenaka adalowa ndale ndipo mu 2024 adasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa DPP m'chigawo chapakati. Za ndalezo tisiyire ena. Ine ndikuona munthu amene adaika ndalama zake pamene ambiri amangoika pakamwa, ndipo pa chimenechi ayenera kuthokozedwa. Komabe nkhani yakeyi ikutiphunzitsa kuti thumba limodzi lingathe kugula chikho, koma kusunga timu pamwamba zaka khumi n'katundu wina.

Tangowerengani nokha. Ligi ya matimu 16 ndiye kuti magemu 30, ndipo theka lake ndi a koyenda. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Karonga ndi ulendo wa makilomita oposa 500. Pafunika basi, mafuta, malo ogona ndi chakudya cha anthu pafupifupi 30, kuonjezera apo malipiro a pamwezi, mabonasi ndi chipatala wina akathyoka mwendo. Ndalama za pakhomo zimaoneka bwino pokhapokha mukamasewera ndi Bullets, Wanderers kapena Silver. Magemu enawo, mukachotsa za bwalo, apolisi ndi oyimbira, mumatsala ndi zogulira madzi basi.

N'chifukwa chake matimu amene akhalitsa muligi ambiri ali ndi nsanamira kumbuyo. Silver Strikers ili m'manja mwa Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, pomwe Moyale, Mafco ndi Kamuzu Barracks ndi za asilikali. Ngakhale Bullets imene, ndi masapota ake onse aja, idalawako. Panthawi imene a Bakili Muluzi ankaithandiza idafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004. Thandizolo litatha, Maule adayenda zaka zambiri akupemphetsa mpaka pamene kampani yopanga ndudu ya Nyasa Manufacturing idawatenga. Alimi a fodya kuno tinganene kuti thukuta lathu lilimo ndithu m'zikho zimene Maule akhala akutenga, ngakhale sitiitanidwa kukazikweza.

Ifenso kuno ku Kasungu tidali ndi TN Stars muligi yaikulu kuyambira 2018 mpaka 2022. Ndi angati mwa ife amene adasonkhapo ngakhale mtengo wa botolo la Fanta kuti timuyo iyende? Ambiri tinkangopita kubwalo tsiku limene kwabwera Bullets, ndipo tinkachemerera alendowo.

Apa ndiye pamene pagona mlandu wathu, makolo ndi ochemerera. Mpondamatiki akayambitsa timu timamusiyira zonse, ndipo akatopa timamunena kuti wagwa. Eni matimu nawonso ali ndi mbali yawo. Ambiri safuna komiti yowafunsa mafunso, safuna buku la ndalama, ndipo mphunzitsi amamva pafoni amene asewere nambala 9. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Wabizinesi wa pa Santhe amene akufunadi kuti dzina lake lidzakumbukike, timu aipatse dzina la dera, la golosale likhale pachifuwa ngati wothandiza. Atsegule akaunti ya timu yosiyana ndi ya shopu, osainira akhale atatu. Mafumu apereke maekala awiri kuti anyamata alime soya kapena mtedza wa timu, monga momwe mipingo imachitira ndi minda yake. Ochemerera agule makhadi a umembala mu Meyi ndi Juni, ndalama zisadathe m'matumba, kuti pofika Januwale mafuta a lole yopita ku Mchinji kapena pa Boma akhale alipo kale.