Miyezi itatu ya a George Helmy ku Nyumba ya Seneti

Ku dziko la America, phungu wa Nyumba ya Seneti akamwalira kapena kutula pansi udindo nthawi yake isanakwane, m'zigawo zambiri bwanamkubwa ndiye amaloza munthu wogwirizira mpandowo kufikira chisankho. Umu ndi momwe a George Helmy adalowera m'nyumbayi pa 9 September 2024, kuimira chigawo cha New Jersey, ndi kutulukamo pa 8 December chaka chomwecho.

Mpandowo udatsala wopanda munthu chifukwa cha ziphuphu. A Bob Menendez, omwe adaukhala kuyambira 2006, adapezeka olakwa mu July 2024, ndipo umodzi mwa milanduyo udali wogwirira ntchito boma la Egypt mwamseri. M'nyumba mwawo ofufuza adapezamo golide komanso ndalama zoposa $480,000. Mu January 2025 khoti lidawalamula kukakhala kundende zaka 11. Chodabwitsa nchakuti amene adabwera kudzasesa pakhomo lodetsedwalo ndi mwana wa makolo ochokera ku Egypt komweko, mkhristu wa mpingo wa Coptic Orthodox, woyamba wa mpingowu kukhala m'nyumbayi.

A Helmy adabadwa mu 1979 ndipo sadali mlendo pa ndale. Adagwirapo ntchito m'maofesi a aphungu awiri a Seneti, a Frank Lautenberg ndi a Cory Booker, kenako kuyambira 2019 mpaka 2023 adali mkulu wa ofesi ya bwanamkubwa Phil Murphy, yemwe pambuyo pake adawapatsa mpandowo.

Apa ndi pomwe ife tikuona kuti nkhaniyi ili ndi minga. Chipani cha Democratic chidali chitasankha kale a Andy Kim kuti adzaime pachisankho cha November, ndipo panali mawu akuti bwanamkubwa angowapatsiratu iwowo mpando. Koma a Kim ndi omwe adalimbana ndi mayi Tammy Murphy, akazi a bwanamkubwayo, pofuna mpando womwewu, mpaka mayiwo adasiya mpikisano mu March 2024. Tsono posankha mtumiki wake wakale, a Murphy adapereka mpata woti anthu anong'onezane kuti chilonda cha kunyumba chidali chisanapole. Komabe tisaiwale mbali inayo: kukhazika pampando munthu amene akupempha mavoti nkumupatsa mphamvu anthu asanalankhule.

Nanga bwanji osangosiya mpandowo kwa miyezi itatu yokhayo? Chipanichi chinkatsogola ndi mavoti ochepa kwambiri pa aphungu 100 a m'nyumbayi, ndipo Seneti ndi yomwe imavomereza oweruza amene mtsogoleri wa dziko wawasankha. Voti imodzi pamenepo idali yolemera.

Chomwe tingawayamikire a Helmy nchakuti sadaumirire. Nthawi ya mpandowo imayenera kutha mu January 2025, koma a Kim atapambana, iwo adatula pansi udindo kudakali milungu ingapo, kuti wosankhidwa ndi anthuyo alumbire pa 9 December ndi kuwatsogolera pa ukulu aphungu atsopano olowa mu January.