Mantha amayambira pa dzina la filimu

Aliyense amene anakulira pafupi ndi nyumba yoonetsera mavidiyo akudziwa zomwe zimachitika mayina akayamba kuyenda kumayambiriro kwa filimu. Wina amatuluka kukagula chinangwa, wina amafunsa mnzake ngati filimuyo ili ndi nkhonya zambiri, ndipo woonetsa akakhala wopupuluma amangothamangitsa gawolo kuti afike pamene anthu ayamba kumenyana. Ine ndinakula ndikuona mayinawo ngati chikuto cha buku, chinthu chongotsegula n'kupitirira. Maganizo amenewa ndinawasiya chaka chatha, pamene ine ndi anzanga anayi tinagwirizana zopanga filimu yoopsa ya mphindi 12, ndipo tinatha masabata atatu tikukangana za masekondi 50 oyambirira. M'chimangirizo chino ndikufuna kunena kuti mkanganowo sunali kutaya nthawi. Mu filimu yoopsa, gawo la mayina ndi pamene woonera amauzidwa chinthu choti aziope, ndipo ophunzira ambiri timalakwa chifukwa pamalo amenewa timaikapo mantha obwereka.

Nkhani ya filimu yathu ndi yaifupi. Mtsikana wina akubwerera kumudzi kukasamalira agogo ake amene maso awo anasiya kuona. Agogowo amazindikira anthu powapapasa kumaso. Tsiku loyamba akumupapasa mdzukulu wawo n'kumwetulira. Usiku wachitatu akumupapasanso, koma dzanja likuima pa tsaya, ndipo akunena motsitsa kuti, "Iwe si mwana wa mwana wanga." Dzina la filimuyo ndi Khungu.

Dzinali ndinalipereka ndine, ndipo ndinalitola m'kalasi ya kamvekedwe ka mawu. M'Chichewa muli mawu amene amalembedwa mofanana koma amasiyana pa kakwezedwe ka liwu. Chitsanzo chimene aliyense amaphunzira ndi mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika. Khungu ndi chimodzimodzi: liwu likakwera pa phatikizo loyamba tikunena chikopa cha munthu, likakwera pa lomaliza tikunena vuto la kusaona. Kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa kusiyana kumeneku. Kotero liwuli likalembedwa palokha, popanda chiganizo cholithandiza, wowerenga sadziwa kuti alitchule bwanji. Amaima pakati pa matanthauzo awiri, ndipo filimu yathu yonse ili pakati pomwepo.

Mnzanga amene amagwira kamera anabwera ndi maganizo ake atawakonza kale pa kompyuta. Panali mdima, kenako zilembo zofiira zodontha magazi, mphezi, kulira kwa nkhandwe ya kunja imene palibe mmodzi wa ife anaimvapo ikulira, ndi dzina lachingerezi. "Aise," anatero, "filimu yoopsa imayamba chonchi. Ukufuna anthu aganize kuti ndi sewero la kuchipatala?" Sindikumunyoza, chifukwa zinali zokongola ndipo anagonera usiku wonse kuzipanga. Vuto lake linali lakuti zikanatha kuikidwa pa filimu ina iliyonse popanda kusintha kanthu. Sizinkadziwa kuti mu nkhani yathu muli agogo, muli dzanja, muli tsaya.

Akatswiri amene timawasirira sanachite zimenezo. Mu Psycho ya Alfred Hitchcock, ya mu 1960, Saul Bass sanaonetse mpeni kapena dontho la magazi. Anaika mizere yotuwa imene imathamanga kuchokera m'mbali, kubweretsa mayina ali odukaduka n'kuwang'ambanso, uku nyimbo ya Bernard Herrmann, yoimbidwa ndi zoimbira za nsambo zokhazokha, ikukuthamangitsa mtima. Nkhani yake ndi ya munthu wogawanika maganizo, ndipo zilembo zimagawanika iye asanaoneke. Mu Se7en ya David Fincher, ya mu 1995, imene ena amaiika pa mafilimu a zaupandu osati oopsa, Kyle Cooper anaonetsa manja a munthu akulemba m'makope ndi kudzisenda khungu la kunsonga za zala ndi lezala, mayina ali olembedwa mokandakanda ndi dzanja. Nkhope ya wakuphayo imadzaoneka filimu itapita kutali, koma woonera amakhala atakumana naye kale.

Chitsanzo chimene chinatithandiza kwambiri ndi Halloween ya John Carpenter, ya mu 1978, chifukwa inapangidwa ndi ndalama zochepa. Gawo la mayina lili ndi zinthu zitatu basi: mdima, dzungu losemedwa maso ndi kamwa lili ndi moto m'kati, ndi kanyimbo ka piyano kamene Carpenter anapeka yekha. Kamera imangoyandikira dzungulo pang'onopang'ono. Wophunzira aliyense angakwanitse zimenezi ndi foni. Koma taonani chimene chimachititsa kuti zigwire ntchito. Ku America dzungu lotere ndi chizindikiro cha usiku wa pa 31 Okutobala, chinthu cha ana, cha pakhonde, chimene aliyense anachigwirapo. Carpenter anatenga chinthu cha pakhomo n'kuchiyang'anitsitsa mpaka chinayamba kuopsa. Ife dzungu timaphika, masamba ake ndi nkhwani. Tikatengera dzungulo tatengera chinthu cholakwika. Choyenera kutengera ndi kuyang'anitsitsako.

Titavomerezana kuti tifune za kwathu, panabuka vuto lina limene ndikuona kuti ndi lalikulu kuposa loyamba. Zinthu zoyamba kubwera m'mitu mwathu zinali chigoba cha Gule Wamkulu chikutuluka mumdima, ndi nkhalamba itakhala pa lichero usiku. Zonsezi zikanaopsa anthu msanga, ndipo zonsezi ndinazikana. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi malo ake pa maliro ndi pa chinamwali, ndipo UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kumusandutsa chidole choopsezera anthu ndi kubwereza zomwe alendo ankanena za makolo athu. Za nkhalamba pa lichero ndiye n'zoopsa kwenikweni, osati za mu filimu. Ngakhale lamulo la mu 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, timamvabe za okalamba omenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa choganiziridwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe zinaphetsa anthu. Wa ku Los Angeles akajambula mfiti kapena wopopa magazi, woonera amatuluka n'kukagona. Kuno woonera akhoza kutuluka n'kukayang'ana agogo a nyumba yoyandikana nayo ndi diso lina. Masekondi oyamba ndi amene amauza woonera woti amukayikire, ndipo sindinkafuna kuti filimu yathu iloze chala nkhalamba. Mu nkhani yathu agogo ndi okhawo amene akunena zoona.

Zimene tinagwirizana tinazijambula ndi pensulo m'mabokosi 9 pa pepala limodzi, bokosi lililonse lili ndi masekondi ake ndi phokoso lake m'munsi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma imaulula msanga malo amene mulibe ganizo, musanawononge batire ndi nthawi ya anthu. Masekondi 8 oyamba ndi mdima bii. Chimene chikumveka ndi kusinja chapatali, munsi ukugwa mu mtondo, phokoso limene masana palibe amene amalilabadira koma usiku limafunsitsa kuti akusinja ndani nthawi ino. Kenako koloboyi akuyaka, kuwala kwake kukugwera pa lichero lodzaza ufa. Mu ufamo mwalembedwa ndi chala dzina la wosewera woyamba. Dzanja lokalamba likulowa, likupapasa ngati likufuna kuwerenga, ndipo popapasapo likufufuta dzinalo. Dzina lachiwiri, chimodzimodzi. Inde lichero lilipo, koma likugwira ntchito yake ya kukhitchini, ndipo ndikuvomera kuti tikusewera ndi zimene woonera akuyembekezera. Pomaliza mu ufa mwalembedwa KHUNGU. Dzanja likufika, likuima pamwamba pa zilembo osazikhudza, kusinja kuja kukuleka, kuli zii. Masekondi 4 a chete, kenako mdima.

Pa za chetezi tinakangananso, chifukwa wolumikiza zithunzi ankaopa kuti anthu adzaganiza kuti sipika yafa. Ine ndikuti chiyankhulo chimene chili ndi mvekero ngati zii, phee ndi duu, chimene chimasiyanitsa chete wa malo opanda anthu ndi chete wa munthu amene wakhala osayankha, eni ake sangalephere kumva chete wa dala. Agogo athu pokamba nthano ankadziwa kuima pakati pa chiganizo mpaka ana kusendezana kufupi ndi moto. Sankafuna mphezi.

Pali mfundo imodzi ya mnzanga uja imene sindingaikankhire kumbali. Iye akuti filimu ikakhala ndi dzina ndi maudindo a m'Chichewa, monga Wotsogolera, Wojambula, Wolemba nkhani, siingapite kutali, ndipo amakumbutsa kuti Living in Bondage ya mu 1992, imene ambiri amati ndiyo inatsegula msika wa mafilimu a ku Nigeria, inaseweredwa m'chiyankhulo cha Igbo koma dzina lake linali lachingerezi. Amatchulanso mafilimu a Shemu Joyah, monga The Last Fishing Boat ya mu 2012, amene anakafika ku zionetsero za kunja ndi mayina achingerezi. Akunena zoona, ndipo sindikuti aliyense wopatsa filimu dzina lachingerezi wagulitsa mtundu. Ndikungoti dzina lisankhidwe chifukwa cha ntchito imene likugwira. Lathuli silingamasuliridwe popanda kuliwononga, pakuti womasulira ayenera kusankha tanthauzo limodzi, ndipo akasankha waulula theka la nkhani n'kubisa theka linalo. Tinagwirizana kuti zoyankhula za osewera zidzakhala ndi mawu achingerezi m'munsi, koma dzina lidzakhala lokha, losamasulira.

Ndinachenjezedwanso ndi mnzathu wamkazi m'gululi kuti liwu lakuti khungu, kwa Mmalawi amene wamva za kuphedwa kwa anthu achialubino kuyambira cha mu 2014, likhoza kumutengera kumene ife sitinalinge. Sindinaganizepo zimenezo, ndipo zinandichititsa manyazi. N'chifukwa chake dzanja lopapasa limaoneka dzinalo lisanaoneke, kuti woonera akamafika pa liwulo akhale ataona kale munthu wosaona.

Tsiku lojambula, mayi wachikulire amene anavomera kutibwereka dzanja lawo anatiyang'ana tikulemba mu ufa n'kufunsa kuti, "Ana inu, ufa umenewu mukamaliza mutaya?" Tinawatsimikizira kuti tiusefa n'kuphikira nsima, ndipo tinaterodi. Tinabwereza kajambulidweko ka 14 chifukwa koloboyi ankazima ndi mphepo, ndiponso nyerere zinapeza lichero lathu tisanamalize. Atatopa, mayiwo anafunsa dzina la filimuyo. Ndinatsegula pakamwa n'kuzindikira kuti ndikalitchula ndisankha tanthauzo limodzi, choncho ndinangowalozera pa ufa. Anawerenga, n'kulitchula okha mokweza liwu kumapeto, kenako anakhala kaye chete akuyang'ana dzanja lawo, n'kulitchulanso mwa njira inayo.