Ulesi Watsopano Walowa M'maofesi

Mayi wina wokalamba adanyamuka kumudzi tambala woyamba atangolira, nakwera minibasi ndi ndalama yogulitsa nkhuku yake, kuti adzasainitse kalata pa ofesi ina ya Boma. Ndidawapeza mayiwo ali pa benchi nthawi ya 9 koloko, ndipo pamene ndinkatuluka nthawi ya 11 adali pomwepo. Kalaliki woyenera kuwathandiza adalipo ndithu. Sadadwale, sadapite kumaliro. Adali ataweramira lamya ya m'manja, chala chikukwera ndi kutsika, akumwetulira yekha.

Abale ndi alongo, umenewu ndi ulesi, ngakhale wavala taye. Kale mlesi sankavuta kumuzindikira, pakuti ankapezeka pa bawo kapena pa chipanda cha masese anzake ali kumunda. Mlesi wa lero amakhala mwaulemu pa desiki yake, ndipo woonera patali amayesa kuti munthuyo watanganidwa ndi ntchito ya dziko.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Munthu wotaya maola 2 patsiku pa Facebook ndi WhatsApp, masiku 5 pa sabata, masabata 48 pa chaka, wataya maola 480. Amenewa ndi masiku 60 a ntchito ya maola 8, ndiko kuti pafupifupi miyezi itatu. Malipiro a miyezi imeneyo amachokera ku msonkho wa mlimi wa fodya, msodzi wa usipa ndi mayi wogulitsa mandasi. Kodi munthu wolandira ndalama zimene sadakhetsere thukuta timamutcha dzina lanji?

Ena akuti, "Ndimangosuzumira pang'ono." Onena chomwechi sakudziwa kuti msamphawu udatcheredwa mwadala. M'chaka cha 2006 Aza Raskin wa ku America adapanga njira yoti nkhani za pa lamya zisamafike pothera, koma zizingobwerabe malinga chala chikukankha. Pambuyo pake iye mwini adadandaula poyera ndi zimene adapangazo. M'chaka cha 2017 Sean Parker, yemwe adali pulezidenti woyamba wa kampani ya Facebook, adavomera kuti cholinga chawo chidali kudya nthawi ndi maganizo a munthu mochuluka monga kungathekere, pomunyengerera ndi tizizindikiro toyamikira zimene walemba. Makampani otere amalemera ndi otsatsa malonda, ndipo mukakhalitsa pa lamya ndiye kuti mwaona malonda ambiri. Iwo akukolola ku California, inu mukugula bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ena akuti lamya ndi chida cha ntchito. Sitikukana. Mlangizi wa zaulimi amafikira nayo alimi ambiri tsiku limodzi, ndipo namwino amaitanira ambulansi. Komatu khasu nalonso ndi chida, ndipo palibe amene amagona nalo pamphasa. Enanso akuti ndi ufulu wawo. Ufuluwo ukuwadikira akaweruka. Maola a ntchito adawagulitsa kale kwa anthu amene akuwalipira.

Mayiko ena adauona msanga mliriwu. Dziko la France lidaletsa lamya za m'manja m'sukulu za ana m'chaka cha 2018, ndipo la Australia lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2024 loletsa ana osafika zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Ngati iwo akutchinjiriza ana awo ndi lamulo, kodi ife akuluakulu a ndevu zathu tilephere kudzigwira tokha?

Nafenso atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera tisadziyeretse. Pa misonkhano wapampando akulankhula za mbewu ndi feteleza, nthumwi zili zyoli, maso pa lamya. Timakangana pa magulu a WhatsApp mpaka pakati pa usiku, nkumadziyesa kuti tagwira ntchito. Mkangano wotere sudakumbepo chitsime ngakhale chimodzi, kapena kuumba njerwa ya sukulu.

Mankhwala ake ngosavuta. Akuluakulu a nthambi za Boma ayambe ndiwo, chifukwa mutu ukakula sulewa nkhonya. Lamya ikhale m'dirowa pa nthawi ya ntchito, mabelu ake oitana azimitsidwe, ndipo mauthenga aumwini ayankhidwe pa nthawi ya nkhomaliro. Pa msonkhano, lamya zonse zilowe m'thumba pemphero lisanayambe.

Mawa m'mawa pa benchi ya ofesi yanu padzakhalanso mayi wina amene wagulitsa nkhuku kuti adzakuoneni. Dzutsani mutu, muwalonjere, muwathandize abwerere kwawo dzuwa likadalipo. Wakutsina khutu ndi mnansi.