Akuti Java yatha, manje mwana aphunzile ciani?

Lolemba m'mawa, basi yathu itaima mu jamu pa Great East Road, mng'ono wanga ananitumila meseji: "Ba sisi, anzanga akuti Java yatha. Ndalama za amai zapita cabe?" Mtsikanayu ali pa kakoleji kena m'tauni, aphunzila kupanga maapu a pa foni, ndipo fizi yake imacokela pa tebulo la tomato la amai kumsika. Funso lake sin'nalitenge mwa nthabwala.

Java ni cinenelo ca kompyuta, mau amene munthu amalemba pouza makina zocita. Inatuluka mu 1995, ndipo kwa zaka zambili maapu a Android, foni imene ambili a ife tagwila m'basi muno, anali kulembedwa mu Java. Mu 2017 Google inalandila cinenelo cina, Kotlin, copangidwa ndi kampani ya JetBrains. Mu 2019 inalengeza kuti pa Android, Kotlin ndiye ikhala patsogolo. Cifukwa cake n'comveka: Kotlin imafuna mizele yocepa, ndiponso imagwila msanga zolakwa zina zimene zimacititsa apu kuzima yokha uli pakati potumiza ndalama.

Ndiye anzake aja sananame kwenikweni. Koma anaiwala kumuuza kuti Kotlin inamangidwa kuti iziyendela pamodzi ndi Java. Ziwilizi zimatha kukhala mu apu imodzi popanda vuto, ndipo makampani amene ali ndi mapulogilamu akale a Java sangawataye tsiku limodzi. Zili monga dalaiva wa Hiace akapatsidwa Rosa: galimoto yasintha, koma njila ya ku Chelstone aidziwa kale.

Zinenelo izi sizifa msanga. COBOL ni ya mu 1959, amai asanabadwe. Koma mu April 2020, anthu atacotsedwa nchito cifukwa ca korona ku America, boma la New Jersey linacita kupempha poyela anthu odziwa COBOL, cifukwa makompyuta olipila malova anali akali kuyendela iyo.

Zina zimafadi, zoona. Flash, imene inali kuyendetsa magemu ndi mavidiyo pa intaneti, Adobe inaitseka pa 31 December 2020. Kufa kwake kunayamba kale, pamene Apple inaikana pa iPhone. Flash inali m'manja mwa kampani imodzi, ndipo pamene mabulauza anaitsekela citseko inalibe kwina kopita. Java ili m'mabanki, m'maseva, m'masukulu. Google ikacoka, ena atsala.

Cimene cimanidetsa nkhawa ine ni makoleji amene alandila fizi koma silabasi ni ija ya zaka khumi zapitazo, osamuuzako mwana kuti kunja kwasintha. Zida zatsopano za Google zopangila nkhope ya apu, Jetpack Compose, zimafuna Kotlin basi. Amene afuna nchito ya Android lelo ali ndi Java yokha adzavutika pa intavyu.

N'namuyankha tili pafupi ndi Manda Hill, kondakita akali kunisungila cenji. N'nati asasiye kosi, atsilize Java cifukwa yalipilidwa kale, koma Kotlin ayambe mwezi uno, madzulo akaweluka. Maphunzilo a Google a Kotlin ni aulele pa intaneti, cofunika ni bando cabe.

Anayankha kuti, "Nanga bando agula ndani?" N'natsika pa Kulima Tower n'kumutumila K50.